Timikanda tomata kunja tikamawerengedwa ngati tomezedwa: kuthetsa mavuto poyeza phagocytosis ya ma macrophage pa flow cytometer

Vuto limene limabwerezabwereza kwa anthu oyeza mmene ma macrophage (maselo a chitetezo cha m'thupi amene amameza tizilombo) amamezera mabakiteriya kapena timikanda towala, ntchito yotchedwa phagocytosis, ndi lakuti ziwerengero za pa flow cytometer (makina oyeza kuwala kwa maselo limodzilimodzi) sizigwirizana ndi zimene maso akuona pa maikulosikopu, kapenanso zimasintha sabata ndi sabata ngakhale kuti njira yogwirira ntchito sinasinthe. Mwachitsanzo, lero makina angaonetse kuti maselo 70 pa 100 alionse ameza, sabata yamawa n'kuonetsa 25, pamene chubu chimene chinakhala pa ayezi, chimene chimayenera kukhala pafupi ndi ziro, chikuonetsa 40. Ambiri zikatere amayamba kukayikira makina, kusintha mphamvu ya ma detector, kapena kuitanitsa botolo lina la timikanda, koma kawirikawiri gwero la vutoli silikhala kumeneko.

Flow cytometer imangoyeza kuwala kumene kwatuluka pamene selo likudutsa pa laser, ndipo ilibe njira yodziwira ngati kuwalako kwachokera mkati mwa selo kapena pa khungu lake. Kamkanda kamene kamata kunja ndi kamkanda kamene kalowa m'kathumba ka phagosome timapereka chizindikiro chofanana. Mwana amene phala lamupaka milomo ndi masaya sitinena kuti wadya, koma makinawa amanena choncho pokhapokha woyesayo atakonzeratu njira yosiyanitsira. Popeza ma macrophage ndi maselo omata kwambiri mwachibadwa, ndipo ali ndi ma receptor ambiri ogwira zinthu zisanamezedwe, gawo la zomata kunja likhoza kukhala lalikulu kuposa mmene munthu amaganizira.

Chubu cha pa ayezi chikamaonetsa kuwala kochuluka

Machubu oyerekezera, amene m'labotale timangowatchula kuti ma control, ndi amene amayamba kuulula vutoli. Kumeza kumafuna mphamvu komanso kumafuna kuti puloteni ya m'selo yotchedwa actin imangidwe mofulumira kuzungulira chinthu chomezedwacho, ndipo zimenezi zimaima pa madigiri 4 pamene kumata kumapitirirabe. N'chifukwa chake chubu cha pa ayezi chimaonetsa kuchuluka kwa zomata kunja. Koma chubu chimenechi chimasokeretsa ngati maselo sanazizire mokwanira timikanda tisanathiridwe. Mbale yochokera mu incubator imatenga nthawi kuti izizire, makamaka ngati yangoikidwa mu firiji m'malo moigoneka pa ayezi, ndipo mphindi zochepa zoyambazo n'zokwanira kuti macrophage imeze timikanda tingapo. Maselo, madzi otsukira ndi timikanda tomwe ziyenera kukhala pa ayezi kwa mphindi 15 mpaka 30 zisanakumane, ndipo centrifuge nayonso iyenera kukhala yozizira.

Ine ndimaona kuti chubu cha pa ayezi pachokha sichikwanira, chifukwa kuzizira kumasintha zinthu zambiri nthawi imodzi, kuphatikizapo mphamvu imene ma receptor amagwirira. Ndi bwino kukhalanso ndi chubu cha cytochalasin D, mankhwala amene amaletsa actin kumangika, othiridwa pa mlingo wa 5 mpaka 10 micromolar mphindi pafupifupi 30 timikanda tisanafike, maselo ali pa madigiri 37. Chubu chimenechi chimaonetsa kumata kumene kumachitika pa kutentha komwe kwa machubu enawo. Popeza cytochalasin D imasungunulidwa mu mankhwala amadzimadzi otchedwa DMSO, pafunikanso chubu chokhala ndi DMSO yekha pa mlingo womwewo. Chubu cha pa ayezi ndi cha cytochalasin D zikamaonetsabe kuwala kochuluka, ndiye kuti njira yanu ikuyeza kumata, ndipo kungochotsera chiwerengero cha control pa chiwerengero cha machubu enawo sikuthetsa vutoli, chifukwa kuchuluka kwa zomata kunja kwa selo limene likumeza sikufanana ndi kwa selo limene laletsedwa kumeza.

Kutsuka kumachotsa timikanda toyandama, koma sikuchotsa timene tagwidwa ndi ma receptor. Kutsuka katatu ndi PBS (madzi a mchere otsukira maselo) yozizira n'kokwanira, ndipo kupitirira pamenepo mumangotaya maselo.

Trypan blue ikakana kuzimitsa

Njira imene ambiri amadalira ndi kuthira trypan blue, utoto wa buluu umene umazimitsa kuwala kobiriwira kwa utoto wowala wa FITC koma sulowa m'selo lamoyo, kotero kuti zakunja zimazima pamene zamkati zikuwalabe. Njirayi imagwira bwino ntchito pa mabakiteriya, zymosan (tizidutswa ta khungu la yisiti) kapena yisiti zimene zapakidwa FITC pamwamba, chifukwa trypan blue imafika pafupi kwenikweni ndi utoto wowalawo. Imalephera pa timikanda ta polystyrene timene utoto wake unalowetsedwa mkati mwa pulasitiki pamene tinkapangidwa, pakuti trypan blue siingafike kumene kuli utotowo. Anthu ambiri amataya miyezi pa mfundo imeneyi, akuwonjezera mlingo wa trypan blue pa timikanda timene sitingazime. Kuyesa kwake n'kosavuta: tengani timikanda tokha popanda maselo, thirani trypan blue pa mlingo umene mukufuna kugwiritsa ntchito, ndipo muone pa makina ngati kuwala kwatsika kwambiri. Ngati sikunatsike popanda maselo, sikudzatsikanso pali maselo.

Ngakhale pa tinthu timene timazima, pali zolakwika zitatu zimene zimachitika kawirikawiri. Choyamba n'kutsuka trypan blue isanafike pa makina, zimene zimabwezeretsa kuwala kwa zakunja, choncho iyenera kuthiridwa chubu chili pafupi kulowa m'makina ndipo isachotsedwe. Chachiwiri n'kuithira pa maselo amene aumitsidwa kale ndi paraformaldehyde. Selo loumitsidwa sililetsanso utotowu kulowa, ndipo zamkati zimazima pamodzi ndi zakunja, kotero kuti munthu amaganiza kuti maselo ake sanameze kanthu. Zomwezi zimachitika pa maselo amene afa chifukwa chopalidwa mwamphamvu pochotsedwa pa mbale. Chachitatu n'kuiwala kuti trypan blue ikagwirana ndi mapuloteni imawala yokha mofiira, ndipo kuwala kumeneku kumalowa m'ma channel ofiira (mbali za makina zoyeza kuwala kofiira), kumene mwina mwaika antibody yozindikiritsa ma macrophage kapena utoto wosonyeza maselo akufa. Botolo logulidwa limakhala la 0.4 peresenti, ndipo mlingo woyenera pa ntchito yanu muyenera kuupeza poyesa milingo ingapo yotsikirapo, n'kusankha wochepetsetsa umene ukuzimitsa zakunja.

Pamene trypan blue singathandize, njira yodalirika ndi kupaka zakunja utoto wachiwiri. Ngati timikanda tinakutidwa ndi IgG (mtundu wa antibody), thirani antibody yogwira IgG imeneyo, yokhala ndi utoto wosiyana, maselo ali pa ayezi komanso asanabooledwe. Timikanda takunja tidzakhala ndi mitundu iwiri pamene tamkati tidzakhala ndi umodzi. Mabakiteriya angapakidwe biotin asanaperekedwe kwa maselo, kenako akunja n'kuzindikiridwa ndi streptavidin yowala. Pa Staphylococcus aureus pali mwayi wina, chifukwa lysostaphin imaswa mabakiteriya akunja osakhudza amene ali mkati. Gentamicin ndi yosiyana, ndipo apa mpofunika kusamala: imapha mabakiteriya akunja koma siichotsa matupi awo, ndipo bakiteriya wakufa wopakidwa utoto amawalabe pa makina. Dziwaninso kuti pa flow cytometer wamba, selo lokhala ndi kamkanda kamodzi kunja ndi tinayi mkati limaoneka la mitundu iwiri, choncho mukangolichotsa m'chiwerengero mudzachepetsa kumeza kumene kunachitikadi.

Utoto umene umamvera asidi

Chinthu chikamezedwa, phagosome imayamba kulandira asidi kudzera mu pampu ya V-ATPase, ndipo ikagwirizana ndi lysosome (kathumba kogayira zinthu m'selo) pH imatsika kufika pakati pa 4.5 ndi 5. Kusintha kumeneku kumakhudza utoto m'njira ziwiri zotsutsana, ndipo aliyense woyesa ayenera kudziwa mbali imene utoto wake uli. FITC imachepa kuwala mu asidi, pakuti pKa yake, pH imene kuwala kwake kumasinthira, ili pafupi ndi 6.4, choncho bakiteriya wa FITC amene wakhala m'selo kwa maola awiri amawala pang'ono kuposa amene wangomezedwa kumene. Munthu amene akuona kuwala kukukwera pa mphindi 30 kenako n'kutsika pa maola awiri angaganize kuti maselo akulavula kapena agaya kale chakudyacho, pamene kwenikweni utoto wangozirala. GFP (puloteni yowala mobiriwira) ya m'mabakiteriya nayonso imazirala mu asidi ndipo imagayidwa. Alexa Fluor 488, utoto winanso wobiriwira, simvera pH pa milingo imeneyi, ndipo ndi yabwino pamene cholinga ndi kuwerenga kuchuluka kwa zolowa.

Utoto wa pHrodo umachita zosemphana ndi zimenezi: suwala kwenikweni pa pH ya 7.4 koma umawala kwambiri mu asidi, ndipo n'chifukwa chake ambiri amaukonda, poti zomata kunja sizioneka. Komabe pHrodo imayeza zinthu ziwiri pamodzi, kumeza ndi kutsika kwa pH, ndipo chilichonse chimene chingalepheretse chachiwiri chidzaoneka ngati chalepheretsa choyamba. Bafilomycin A1, ammonium chloride ndi chloroquine zimakweza pH ya m'timatumba timeneti, choncho selo lopatsidwa mankhwala otere limaoneka ngati silinadye ngakhale litadzaza. Mfundoyi ndi yaikulu kwa amene amafufuza chifuwa chachikulu, chifukwa kuyambira mu 1994 zinadziwika kuti ma mycobacteria oyambitsa matenda amaletsa V-ATPase kusonkhana pa phagosome yawo, ndipo pH imaima cha pa 6.4. Mycobacterium tuberculosis wamoyo wopakidwa pHrodo angapereke kuwala kochepa kuposa wakufa, osati chifukwa chakuti wamezedwa pang'ono koma chifukwa chakuti wateteza kathumba kake ku asidi. Mukakayikira, yesani chinthu chomwecho ndi utoto wosamvera pH, ndipo mufananize.

Vuto lina la pHrodo limabwera ndi kuumitsa maselo. Paraformaldehyde imathetsa kusiyana kwa pH pakati pa phagosome ndi madzi akunja, kotero kuti kuwala kumayamba kutsatira pH ya madzi amene maselo asungidwamo. Ngati malamulo a chitetezo akufuna kuti masampulo aumitsidwe asanatuluke m'labotale, monga zimakhalira ndi TB, ndi bwino kusankha utoto wina kuyambira pachiyambi. Onaninso madzi olereramo maselo: akakhalitsa n'kusanduka achikasu amakhala ndi asidi wokwanira kuyatsa pHrodo ili kunja, ndipo madzi a bicarbonate akatuluka mu incubator ya CO2 pH yake imakwera, pokhapokha mutaikamo HEPES, mankhwala oletsa pH kusintha.

Ofufuza a ku Cornell anapanga timikanda tokhala ndi mitundu iwiri, umodzi wosasintha umene umasonyeza kuti kamkanda kalipo, ndi wina umene umawala pokhapokha selo likagaya puloteni kapena likatulutsa superoxide. Poyerekeza mitundu iwiriyi, kumeza kumasiyanitsidwa ndi ntchito ya mkati mwa phagosome. Timikanda ta mtundu umenewu tinagwiritsidwa ntchito ku Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre pa ma macrophage otsukidwa m'mapapo a anthu, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2014 anaonetsa kuti HIV imapezeka kwambiri m'ma macrophage aang'ono a m'mapapo, komanso kuti maselo okhala ndi kachilomboko samameza bwino.

Maselo akamawala asanapatsidwe kanthu

Ma macrophage amawala okha kuposa maselo ambiri a m'magazi, chifukwa cha ma flavin ndi lipofuscin, ndipo kuwala kumeneku kumakhala kochuluka pa laser ya 488 nm m'ma channel obiriwira ndi achikasu, komwe kulinso FITC. Ma macrophage a m'mapapo ndi amene amavutitsa kwambiri, makamaka ochokera kwa anthu osuta fodya. Kumene mabanja ambiri amaphikira nkhuni ndi makala, maselowa amafika m'labotale atameza kale mwaye wakuda, ndipo maselo a anthu awiri athanzi akhoza kusiyana kwambiri pa makina asanakumane ndi kamkanda kalikonse. Geti (malire amene amajambulidwa pa chithunzi cha makina posankha maselo owerengedwa) limene linajambulidwa pa maselo a munthu mmodzi siligwira ntchito pa maselo a wina. Sampulo iliyonse iyenera kukhala ndi chubu chake chopanda timikanda, ndipo geti lijambulidwe pa chubu chimenecho.

Njira yachidule yochepetsera vutoli ndi kusamukira ku utoto wofiira kwambiri monga Alexa Fluor 647, umene umayatsidwa ndi laser ya 633 kapena 640 nm, kumene maselo sawala okha kwambiri. Ngati simungasamuke, siyani channel imodzi yoyandikana nayo yopanda utoto, ndipo muijambule moyang'anizana ndi channel ya timikanda. Maselo owala okha adzandandalikana mopendekera pakati, pamene omeza adzapatukira mbali imodzi. Makina a spectral, monga Cytek Aurora, amatha kutenga kuwala kwa selo lenilenilo ngati mtundu wapadera n'kukuchotsa, koma amafunabe chubu chopanda utoto cha munthu aliyense. Ma monocyte (maselo a m'magazi amene amasanduka ma macrophage) a odwala malungo ali ndi vuto lofananako, chifukwa hemozoin (utoto wakuda wopangidwa ndi tizilombo ta malungo) imene anameza imasintha mmene amamwazira kuwala cham'mbali.

Maselo akamameza pang'ono kapena osameza n'komwe

Choyamba kufunsa ndi seramu. Ma macrophage amameza bwino chinthu chimene chakutidwa ndi IgG, chimene chimagwidwa ndi ma Fc receptor monga CD64 ndi CD32, kapena chokutidwa ndi complement (mapuloteni a chitetezo a mu seramu), chimene chimagwidwa ndi CR3. Seramu imene yatenthedwa pa madigiri 56 kwa mphindi 30 ilibe complement yogwira ntchito, ndipo yosungunulidwa n'kuumitsidwa mobwerezabwereza imatayanso mphamvu. Pa mabakiteriya okhala ndi chikuto chokhuthala, monga Streptococcus pneumoniae, komanso pa Cryptococcus neoformans, kumeza kumakhala kochepa kwambiri popanda kukutidwa kumeneku, ndipo kusintha botolo la seramu pakati pa kafukufuku kungafotokoze kusiyana konse kwa sabata ndi sabata. Gawani seramu ya gulu limodzi m'timachubu tating'ono, muisunge pa madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo kachubu kalikonse kagwire ntchito kamodzi. Fc block, imene imathandiza popaka ma antibody, ithiridwe kumeza kutatha, chifukwa ikathiridwa poyamba imatseka ma receptor omwe mukuwayezawo.

Timikanda ndi mabakiteriya ogulidwa nthawi zambiri amasungidwa ndi sodium azide, amene amaletsa cytochrome c oxidase ya m'selo, choncho ayenera kutsukidwa asanaperekedwe. Amakondanso kuunjikana m'timagulu, ndipo kagulu kamodzi kamawala ngati timikanda khumi pamene kali kakakulu koti sikangamezedwe. Kuwagwedeza pa vortex ndi kuwaika mu sonicator ya madzi kwa mphindi zochepa kumathandiza, ndipo dontho limodzi pa maikulosikopu lidzakuuzani ngati abalalika. Timikanda tating'ono timachedwa kumira, kotero kuti tambiri timangoyandama pamwamba pa maselo. Kuzungulitsa mbale mu centrifuge yozizira pa liwiro lochepa, cha pa 200 mpaka 300 g kwa mphindi zingapo, kumatsitsa timikanda pa maselo nthawi imodzi, ndipo kumeza kumayamba pamodzi m'timaenje tonse mbale ikafika pa madigiri 37.

Maselo enieniwo akhoza kukhala gwero. THP-1, mtundu wa maselo a anthu olereredwa m'labotale umene unachokera ku Japan mu 1980, imasandutsidwa macrophage ndi mankhwala a PMA, ndipo mlingo wa PMA komanso masiku amene maselo apumula PMA itachotsedwa zimasintha kwambiri khalidwe lawo. RAW 264.7 ndi J774, mitundu ya maselo a mbewa, zimasintha zikagawidwa kambirimbiri kapena zikathithikana pa mbale. Ma macrophage opangidwa kuchokera ku ma monocyte ndi puloteni ya M-CSF sameza mofanana ndi opangidwa ndi GM-CSF. Mycoplasma ndi endotoxin zimadzutsa maselo popanda chizindikiro chooneka ndi maso, ndipo ziyenera kuyezedwa zotsatira zikasintha popanda chifukwa chodziwika.

Kuchotsa maselo pa mbale ndi kujambula mageti

Ma macrophage amagwira pulasitiki mwamphamvu, ndipo njira yowachotsera imasankha maselo amene adzafike pa makina. Kupala kumapha ambiri, ndipo maselo akufa amamata timikanda ponseponse, choncho utoto wosonyeza akufa suyenera kusowa. Trypsin imadula mapuloteni ena a pa khungu la selo amene mukufuna kuwapaka antibody, ngakhale kuti imathandiza kuyoyola zina mwa zomata kunja. PBS yozizira yokhala ndi EDTA ya 2 mpaka 5 millimolar, kapena Accutase, imasamala maselo koma imafuna kudikira. Mukamaliza, yang'anani mbale pa maikulosikopu, chifukwa ngati theka la maselo latsalira, amene mwatenga sakuimira onse. Kulerera maselo m'mbale zosakonzedwera kumata kumachepetsa vutoli.

Pa makina, cholakwika chimene chimabisala kwambiri chili pa geti loyamba la FSC ndi SSC (kuwala komwazika kutsogolo ndi komwazika cham'mbali). Selo limene lameza timikanda tambiri limamwaza kuwala cham'mbali kwambiri, ndipo limakwera n'kutuluka m'geti limene linajambulidwa pa maselo osadya, nthawi zina n'kufika pamphepete penipeni pa chithunzi. Zikatere amene amatayika ndi maselo amene ameza kuposa onse. Tsitsani mphamvu ya SSC, kapena muionetse pa sikelo ya log, ndipo ma macrophage muwazindikire ndi antibody monga CD11b, F4/80 pa mbewa, kapena CD206 ndi HLA-DR pa a m'mapapo a anthu. Antibody yomweyo imathandiza kuchotsa timagulu ta timikanda topanda selo, timene kukula kwake kungafanane ndi selo. Maselo omatana awiriawiri achotsedwe poyerekeza FSC-A ndi FSC-H, ndipo sampulo isefedwe pa sefa ya 40 kapena 70 micrometre isanalowe m'makina. Izi n'zofunika kwambiri pamene chomezedwa ndi selo lina, monga poyesa ma antibody otseka CD47 (chizindikiro choletsa macrophage kumeza selo) pa maselo a khansa, chifukwa macrophage yongogwirana ndi selo la khansa imaoneka chimodzimodzi ndi imene yalimeza, ndipo imene yangoluma kachidutswa ka khungu imapereka kuwala kochepa kumene kungalowe m'geti.

Magulu onse akamaoneka ofanana

Nthawi zina ma control onse amakhala bwino koma palibe kusiyana pakati pa magulu, chifukwa onse ali pamwamba pa 90 peresenti. Apa timikanda tachuluka kapena nthawi yatalika, ndipo ngakhale selo lofooka lapeza mpata womeza kamkanda kamodzi, kamene n'kokwanira kuliika m'geti. Yesani milingo ingapo ya timikanda pa selo limodzi, monga 1, 5, 10 ndi 25, pa mphindi 15, 30, 60 ndi 120, ndipo musankhe pamene chiwerengero chikadali kukwera. Lembani peresenti pamodzi ndi median ya kuwala kwa maselo omezawo, popeza choyamba chimanena kuchuluka kwa maselo amene adya ndipo chachiwiri chimanena kuchuluka kwa zimene lililonse ladya. Pa timikanda tofanana ta 1 micrometre kapena kuposa, histogram imatha kuonetsa nsonga zosiyana za kamkanda kamodzi, tiwiri ndi titatu, ndipo nsongazi zikasowa n'chizindikiro chakuti timikanda taunjikana kapena kuti detector yafika pamapeto. Ngati mukugwiritsa ntchito mabakiteriya amoyo, kumbukirani kuti amaswana m'madzi olereramo maselo, choncho mlingo umene munathira pachiyambi si umene ulipo pa ola lachiwiri, ndipo uyenera kutsimikizidwa powadzala pa agar tsiku lomwelo.

Musanayambe masampulo enieni, tengani gawo la chubu chimene chadutsa pa makina, muliike pa galasi, ndipo muwerenge maselo 100 pa maikulosikopu ya confocal kapena ya fluorescence, zakunja zitapakidwa mtundu wachiwiri. Kumene kuli imaging flow cytometer monga ImageStream, ntchitoyi imachitika pa maselo masauzande nthawi imodzi. Chiwerengero cha maso chikasiyana kwambiri ndi cha makina, bwererani ku chubu cha cytochalasin D ndi ku chubu cha timikanda tokha tothiridwa trypan blue musanasinthe china chilichonse.